Mwana akafunsa za Mulungu, muyankheni

Ndakwiya ndithu. Dzulo ku phunziro la Baibulo la achinyamata, mtsikana wa Fomu 3 anaimika dzanja n'kufunsa mwaulemu: "Abambo, pa Eksodo 33 ndime 11 akuti Mulungu ankalankhula ndi Mose maso ndi maso ngati munthu ndi bwenzi lake, koma pa ndime 20 akuti palibe munthu angaone nkhope yake n'kukhala ndi moyo. Nanga zoona ndi ziti?" Mkulu wa mpingo anangotseka Baibulo kuti phaa, amvekere, "Mzimu wokayika umenewo, khala pansi." Mwana wa eni anakhala pansi misozi ili m'maso, anzake akuseka.

Walakwa chiyani mwana ameneyu? Wawerenga! Funsolo sanalitole pamsewu, walipeza m'buku lomwe timamuuza tokha kuti aziwerenga. Pa Genesis 32:30 Yakobo anatcha malo aja Penieli chifukwa anati waona Mulungu maso ndi maso koma sanafe. Pa Eksodo 24 Mose, Aroni, Nadabu, Abihu ndi akulu 70 anakwera phiri, anaona Mulungu wa Israeli, mpaka anadya ndi kumwa. Yesaya anaona Ambuye atakhala pa mpando wachifumu. Kenako Yohane 1:18 akuti palibe anaonapo Mulungu ndi kale lonse, ndipo 1 Timoteo 6:16 akuti palibe angathe kumuona. Munthu wamaso ake awerenge zonsezi osafunsa? Ayi. Wosafunsayo ndiye kuti sakuwerenga.

Chimene chikundiwawa n'choti yankho linali pa tsamba lomwe abambowo anatsekalo. M'mutu 33 womwewo, Mose yemwe ankalankhula ndi Mulungu maso ndi maso uja akupempha pa ndime 18 kuti aonetsedwe ulemerero wake. Akanapemphanso bwanji akanakhala kuti anauona kale? Mulungu anamuika mu mpata wa thanthwe, namuphimba ndi dzanja, Mose anangoona kumbuyo kokha. Choncho maso ndi maso aja akunena za kuyankhulana mwachindunji, osati kudzera m'maloto ndi masomphenya ngati aneneri ena, monga Numeri 12 akufotokozera. Za Yakobo, Hoseya 12 akuti analimbana ndi mngelo. Manowa, bambo ake a Samisoni, ataona mngelo wa Yehova anati tifa ife poti taona Mulungu, ndipo mkazi wake ndi amene anamukhazika mtima pansi. Mulungu amadzionetsa pa mlingo umene munthu angapirire, koma ulemerero wake wonse palibe diso la munthu linaufikapo. Kodi kumuuza mwana zimenezi kukanakutherani tsiku?

Ngati simukudziwa, nenani kuti mwana wanga, ndikafufuza, tidzakambirana sabata yamawa. Palibe angakuvuleni ukulu chifukwa cha mawu amenewo. Koma kumutcha mwana wokayika pagulu chifukwa inu mwasowa chonena, chimenecho ndi chipongwe. Kaya ndi manyazi, kaya ndi ulesi wowerenga, zanu zimenezo. Funso si tchimo. Kufunsa si kuukira Mulungu. Filipo anauza Yesu kuti tionetseni Atate, ndipo Yesu sanamuthamangitse, anamuyankha kuti wondiona ine waona Atate. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ife tikuphunzitsa ana athu kudya phula ali chete, ndiye akasiya kubwera ku tchalitchi tizidzati intaneti yawaononga.

Ndipo anthu omwewa amene amazazira mwana wofunsa ndi amene amakuwa "ameni" munthu akatuluka pa Facebook atavala suti yonyezimira n'kumati usiku wathawu anaonana ndi Mulungu maso ndi maso, anamuona nkhope yonse. Mose anabisidwa m'thanthwe, koma uyu akuti anaona zonse ndipo akadali moyo, pansi pa kanemayo waikapo nambala yotumizira ndalama. Ameneyu palibe mkulu wa mpingo amene amamuuza kuti akhale pansi. Mukuopa chiyani?