Magetsi athu amafera m'njira

Nkhani ya magetsi ikabuka, aliyense amathamangira ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. N'zomveka ndithu, paja namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya ma megawatt pafupifupi 130, tonse tinaona zakuda. Koma ine ndimati kuzimazima kwa m'dzinja kuno ku Lilongwe nthawi zambiri sikuchokera ku Shire. Magetsi amakhala afika bwinobwino pa sabusiteshoni yaikulu ya Kanengo. Amafera m'njira, pa ma feeder, mawaya a 11kV ndi 33kV aja ochoka pa sabusiteshoni kulowa m'madera mwathu.

Taganizirani mvula yamkuntho ya mu Disembala. Nthambi ya bulugamu yagunda waya ku Chinsapo, kamphindi chabe, yagwa pansi. Vuto lathera pomwepo. Koma switch yadula kale, ndipo ngati palibe chida choyatsanso chokha, onse a pa feeder imeneyo ali mumdima. Chigayo chaima mgaiwa uli theka, wowotcherera mageti wavula magalasi n'kukhala pa benchi, wometa wasiya kasitomala mutu mbali imodzi. Mpaka wina aimbe foni, galimoto inyamuke, amisiri ayende m'matope polo ndi polo kusakasaka vuto lomwe linachoka kalekale.

Chida chothana ndi zimenezi chilipo, si chachilendo: recloser. Imamangidwa pa polo. Ikamva vuto imadula, kudikira pang'ono, n'kuyatsanso, inu m'nyumba mumangoona babu laphethira. Waya akakhala kuti wadukadi, imayesa kangapo kenako n'kutsekeratu. Apa ndiye pamafunika ma switch olamulidwa munthu ali kutali pa kompyuta, kuti apatule chigawo chowonongekacho chokha, ena onse awalumikize ku feeder yoyandikana nayo. Vuto la mu msewu umodzi lisamazimitse chigawo chonse cha mzinda.

Ndipo sitikuyambira patchire. Thandizo la bungwe la boma la America la Millennium Challenge Corporation (MCC), kuyambira 2013 mpaka 2018, linamanga mawaya a 400kV ochoka ku Phombeya kufika ku Nkhoma, komanso linabweretsa SCADA, njira ya pa kompyuta yoonera ma sabusiteshoni akuluakulu ali patali. Maso amenewo atsike tsopano, afike ku Area 25, Kawale, Biwi ndi Likuni.

Ndikudziwa ena munena kuti akuba mafuta a thiransifoma sangasiye mabatire a zidazi. Zoona. Zimafunanso netiweki, forex yogulira, ndi amisiri ozisamala, apo ayi zisanduka zokongoletsa mapolo. Komanso magetsi akaperewera kochokera, recloser singakupangireni ena. Load shedding ndi matenda ake pawokha.

Komabe ESCOM ikamapita ku MERA kukapempha kukweza mtengo wa ma units, ine funso langa ndi ili: mu ndalamazo, zingati zikupita ku ma feeder, ndipo muyambira dera liti? Ndingakonde atayambira komwe kuli zipatala ndi mapampu a Lilongwe Water Board, chifukwa mapampuwo akaima, mipopi nayonso imauma.