Kunenepa ku Joni sikuti zikuyenda

A mtolankhani, pomwe mwanena kuti achinyamata opemphera amakhala ndi mtendere mumtima ndikugwirizana nanu, koma mwasiya mbali ina. Kuno ku Joni mpingo ndi kumene timapumira, sabata yonse uli pa ntchito mpaka usiku, kuchipinda kwako ku Rosettenville kapena Turffontein uli wekhawekha, ndiye Lamulungu ukamva kwaya ikuimba Chichewa mtima umakhala pansi. Anzathu achisilamu ku Mayfair ndi chimodzimodzi Lachisanu.

Koma kutchalitchi komweko ndi kumene nkhani ya thupi imapweteka. Mng'ono wanga wa zaka 24 ananenepa kwambiri chifukwa cha kota (buledi woikamo tchipisi ndi soseji), magwinya (mandasi akuno) ndi Coke tsiku lililonse, zotchipa ndi zomwezo, ndipo azimayi ankangomuyamikira kuti eee zikukuyenderatu, Mulungu wakudalitsa. Atapita ku kiliniki anamupeza ndi BP yokwera, BMI (muyezo wa kulemera kwa thupi poyerekeza ndi kutalika kwa munthu) itapitirira 30. Atayamba kuchepetsa thupi anthu omwewo anayamba kunong'onezana kuti mwina ndi matenda aja, mpaka akumudzi anaimba foni kufunsa ngati akudwala. Mwana anasiya kupita kutchalitchi kwa miyezi, ankangodzitsekera m'chipinda n'kumalira.

Dziko lino la South Africa linaika msonkho pa zakumwa za shuga mu 2018 koma pa chiyanjano chilichonse ma 2 litre amangoti mbwee patebulo. Abusa ndi akulu ampingo amene mukuwerenga, kusala kudya mu Januwale nkwabwino koma odwala shuga musamawauze kusiya mankhwala chonde. Nanga bwanji osaitana nesi aziyeza anthu BP ndi shuga tikaweruka mapemphero?