Chinkhwe si duwa loika pazenera

Abale, lero ndapsa mtima ndipo ndilankhula basi. Wokwiya akwiye.

Ndinadutsa kwa alamu anga ena cha m'ma 3 koloko masana, dzuwa la Okutobala lino likuswa mtengo. Zenera la pabalaza pawo linayang'ana kolowera dzuwa. Pazenera pomwepo khola la waya lachita kugunda galasi, mkati muli chinkhwe, chija chotuwa cha mchira wofiira chomwe amati African grey. Mbalame yayasama kukamwa, ikupuma wefuwefu, mapiko yawalekanitsa ndi thupi, yatsika pakamtengo kake n'kukadziunjika pansi pakona. Ndinaviika chala m'kabakuli ka madzi, madzi ake ofunda. Ndinati, alamu, mbalameyi ikupsatu. Iwo akuseka, amvekere, "Aa, alamu, imeneyi imakonda kuona anthu odutsa mumsewu." Anthu ake ati, chikhalirecho yatsinzina?

Mbalame ya m'khola siingathawe dzuwa. Nkhani yanga ndi yomweyi. Ya kutchire dzuwa likawawa imalowa m'masamba, imakatera kumtsinje, imasamba. Yanu ili mu waya. Pamene mwaiika ndi pomwepo mpaka inu mudzabwere. Inu mukamva kutentha mumakoka mpando, mumavula jekete, mumatuluka kukakhala pansi pa mango. Iyo ikokere chiyani? Ituluke bwanji? Munaitsekera ndinu, ndiye mthunzi wake muupereke ndinu.

Ndipo mbalame siituluka thukuta. Thupi lake ndi lotentha kale, limakhala cha m'madigiri 41 pomwe lathu lili pa 37, ndiye mukaliwonjezera moto wa pagalasi silichedwa kugonja. Kuyasama kuja si kuseka, si kufuna kuyankhula ayi. Ikuyesa kutulutsa kutentha kudzera kukamwa chifukwa njira zina zaithera. Mukaona chinkhwe chayasama, mapiko ali lende, chichotseni pamenepo nthawi yomweyo, osati mudikire kaye mpira uthe.

Musandiuzenso kuti "pochoka m'mawa ndinachisiya pamthunzi." Dzuwa limayenda, abale. Malo amene 7 koloko m'mawa ali zii, pofika masana ndi ng'anjo. Inu muli ku ofesi pansi pa fani, nyumba mwakhoma, mazenera mwatseka poopa akuba, denga ndi la malata. Mbalame ili yokha ndi dzuwa, ilibe kolowera.

Ena ati, nanga si mbalame imafuna dzuwa? Inde imafuna, koma osati la kuseri kwa galasi. Galasi limatchinga kuwala kwa UVB, komwe ndi kumene kumathandiza thupi kupanga vitamini D kuti kashiamu agwire ntchito. Kutentha kumalowa, phindu lake limatsala kunja. Ndiye mbalame yapsa, mafupa osapindula kanthu. Ndipo zinkhwe zotuwazi ndi zomwe zimadziwika kwambiri ndi vuto la kuchepa kwa kashiamu m'magazi, mpaka kumanjenjemera ndi kugwa pakamtengo. Mukufuna iwothere dzuwa? Tulutsani khola pakhonde m'mamawa, theka lake mulifunditse nsalu kuti isankhe yokha pokhala, inuyo mukhale pompo. Mukhale pompo ndithu, chifukwa mphaka wa aneba sagona tulo.

Za mphakayo tinenenso. Inu pazenera mumaona maluwa ndi msewu. Chinkhwe chimaona kabawi akuzungulira m'mwamba, khwangwala watera pampanda, mphaka wakhala pazenera maso ali tong'o. Sichidziwa kuti pakati pali galasi. Chimangodziwa kuti adani ali pafupi ndipo chilibe pobisala. Usiku nyali za magalimoto zikathwanima chimadzidzimuka n'kumadzimenyetsa mu waya, nthenga kuthothoka, nthawi zina mpaka magazi. Pakapita miyezi chayamba kudzizula nthenga pachifuwa, inu n'kumati chalodzedwa. Sichinalodzedwe. Chatopa ndi mantha. Chilibe kothawira.

Chovuta n'chiyani kodi? Sunthani khola likhale cham'mbali mwa zenera, pomwe kuwala kukufika koma dzuwa silimenya mwachindunji. Mbali imodzi itsamire khoma kuti mbalame idziwe kuti kumbuyo kwake sikungabwere chinthu. Katani mukokere theka, ikafuna kusuzumira panja isuzumire, ikatopa ibisale. Usiku igone mumdima maola 10 kapena 12, osati pafupi ndi TV mpaka pakati pausiku. Ikafika Juni ndi Julaye, chiperoni chikuwomba, zenera losatsekeka bwino lija limalowetsa mphepo usiku wonse, musaisiye pamenepo. Palibe chofuna ndalama apa. Ndi kungonyamula khola n'kuliika poyenera, ntchito yoti ngakhale mwana wa Sitandade 5 angaigwire.

Koma ayi, tikufuna odutsa aone kuti nyumba ino muli chinkhwe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kunja anthu akusirira, mkati mbalame ikufa pang'onopang'ono. Ndipo mukandinena kuti ndalowerera za m'nyumba ya eni, wakutsina khutu ndi mnansi.

Pajatu ena mukamva kuti chotsani pazenera mumakaika kukhitchini. Kumeneko ndiye kumanda. Mapapo a mbalame si athu, utsi wochepa womwe inu simukuumva n'komwe iyo umaipha. Mbaula ya makala m'nyumba, koyilo ya udzudzu, mankhwala opopera mphemvu ndi udzudzu, ngakhale mapani osamata aja mukawaiwala pamoto n'kutentha kwambiri, mpweya wake umagwetsa mbalame m'kanthawi kochepa. Mwapopera chipinda chonse madzulo, mbalame ili momwemo, m'mawa mukudabwa chiyani?

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti mbalame imeneyi ikasamalidwa imatha kukhala zaka 40 ndi kupitirira. Kwawo ndi m'nkhalango za ku Congo, Cameroon, Ghana ndi maiko oyandikana nawo, ndipo anthu anazigwira mosasiyako mpaka m'chaka cha 2016 maiko atakumana ku Johannesburg pamsonkhano wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, anagwirizana zoletsa malonda a pakati pa maiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kutchire. Dziko lonse likudandaula kuti zikutha, wina wapeza imodzi n'kumaiwotcha pagalasi kuti aneba amupatse ulemu.

Ndipo inu amene mumaima mumsewu n'kugula tizinkhwe tobiriwira kwa anyamata otigwira m'tchire, mumvekere ndikutipulumutsa, mukunama. Mukagula kamodzi, mawa mnyamatayo akabwera nato tambiri, chifukwa waona kuti msika ulipo. Mukufuna kuona mbalame zokongola, pitani ku Liwonde National Park, kuli tija ta Lilian's lovebird tikuuluka m'mitengo ya tsanya. Mwagula, khola mulibe, chakudya chake simukuchidziwa, mwafika kunyumba mwayamba kukapatsa mapeyala, osadziwa kuti peyala kwa chinkhwe ndi poizoni.