Makolo a mwamuna, ntchito yanu paukwati si kuvina kokha

Ndili nanu mawu makolo a mwamuna, makamaka a kuno ku Zomba kumene Loweruka lililonse mahutala a ukwati amalira kuyambira ku Matawale mpaka ku Chinamwali. Paukwati wa mwana wanu mwasanduka anthu olipira holo ndi kuvina perekani-perekani basi, pamene ntchito yanu yeniyeni palibe akuigwira.

Taonani mmene timawakonzekeretsera ana awiriwa. Mtsikana amamukhazika pansi kangapo konse: azakhali ake, alangizi a kumpingo, kenako bridal shower kumene amayi amalandirana maikolofoni kumuuza za ukhondo, za kasungidwe ka ndalama, za ulemu kwa apongozi. Nanga mnyamata? Amamuyeza suti, amameta, watha. Bambo ake ali kalikiliki kusaka matumba a mpunga wa ku Chilwa ndi galimoto yonyamula abale, mayi ake ali kwa telala ndi zitenje za yunifomu. Mwana akulowa m'banja popanda womuuza kuti banjalo limayenda bwanji.

Izi zimandipweteka kwambiri chifukwa kuno, pakati pa Ayao, Amang'anja ndi Alhomwe, mwambo wathu ndi wachikamwini. Kwa anzathu a ku Mzimba, kumene amapereka malowolo, mkazi ndiye amapita kwa mwamuna. Kwathu kuno wochoka ndi mnyamata. Amakamanga pamudzi wa eni, kulima munda wa eni, kukhala pakati pa alamu amene akumuyang'ana mayendedwe tsiku ndi tsiku. Ngakhale a m'tauni amene amachita lendi ku Sadzi kapena ku Chikanda, mlandu ukabuka amafunsabe kuti mkamwini ameneyu analeredwa ndi ndani. Dzina limene limatchulidwa pamenepo ndi lanu.

Ndikudziwa kuti pachinkhoswe bambo ndi mayi sakhala ankhoswe. Amene amanyamula tambala womangidwa miyendo ndi luzi kukasinthana ndi thadzi la kuchikazi ndi amalume, kapena mbale wina wamkulu. Zimenezo n'zoyenera ndipo zisasinthe, chifukwa kholo silingaweruze mwana wake mosakondera pamene banja lagwedezeka. Koma ena mwatenga mwambo umenewu ngati chilolezo chokhala chete. Amalume amabwera tsiku la mlandu. Inu ndi amene mumadziwa kuti mwana wanu akakwiya amatseka pakamwa sabata yathunthu, kapena kuti ndalama sizigona m'thumba mwake.

Ndiye pali khasu, nkhwangwa ndi chikwanje zimene mnyamata amalandira pachinkhoswe, pamene mnzake akulandira lichero, mthiko, chipande ndi tsache. Masiku ano zimagulidwa Lachisanu madzulo mumsika waukulu, mpini ukadali woyera mbee, mtengo wolembedwa ndi choko usanafufutidwe. Wojambula akajambula, zimaponyedwa kuseri kwa chitseko. Mnyamatayo mwina ndi mphunzitsi, mwina amayendetsa kabaza, ndipo sadzagwira nkhwangwa chaka chonse. Palibe vuto. Koma wina amuuze chimene walandira: kuti pakhomo pake moto usazime, denga lisadonthe iye alipo, ana asagone ndi njala iye ali kumowa. Wonena zimenezi ndi bambo ake, pamaso, osati MC amene akuthamangitsa pulogalamu.

Ndipo chinkhoswe si sewero loyembekezera tsiku la kutchalitchi. Lamulo la maukwati la 2015 limauona ukwati wachikhalidwe mofanana ndi wa kumpingo kapena wa kwa DC. Lamulo lomwelo linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo. Choncho musanamange tambala uja, funsani zaka za mtsikana. Funso limeneli liyambire kuchimuna.

Za perekani-perekani sindikutsutsa ayi, ndimavina nawo ndi mtima wonse. Zimasangalatsa kuona mayi wa mkwati akubwera kutsogolo, chitenje m'chiuno, anzake a kumpingo ali pambuyo kululutira, ndalama zikugwera mu lichero limene mwana wake wagwira. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mpikisano. MC akangoti "tione ngati kuchimuna kungapose kuchikazi," bambo amathamangira patebulo la osintha ndalama ndi ma K5,000 amene anakongola ku banki mkhonde, ena mpaka katapila. Nyimbo ikatha, ngongole imatsala, ndipo kawirikawiri amene amaibweza ndi mkwati yemweyo, mwezi woyamba wa banja lake.

Amayi a mkwati, inunso muli ndi gawo limene palibe angakugwirireni. M'mawa wotsatira ukwati, ngati awiriwa agona kwanu, mtsikana uja akadzuka m'bandakucha kusesa pabwalo ndi kutereka madzi osamba, musakhale pakhonde ndi achemwali anu kuwerenga zimene walakwitsa. Ndi mwana wa munthu, wagona mochedwa, ndipo ali ndi mantha. Muitaneni, mudye naye, mumuonetse pamene pamakhala mchere ndi ufa, mumutchulire abale mmodzimmodzi kuti adziwe woyenera kumugwadira. Ndipo muuzeni mwana wanu, mkazi wake akumva, kuti nkhani za m'nyumba mwawo azikamba awiri asanabwere nazo kwa inu.

Bambo, usiku woti mawa ukwati, komiti isiyireni za nkhuni ndi mipando. Tengani mwana wanu mukhale naye panja awiriwiri. Mufunseni ngongole zimene ali nazo komanso ngati mkazi wake akuzidziwa. Mufunseni ngati pali mwana wina kwinakwake amene sanamutchule. Ndipo mumuuze mosapita m'mbali kuti tsiku limene adzakweze dzanja pa mwana wa eni, asadzathawire kwanu, chifukwa mudzamutenga nokha kupita naye kwa ankhoswe.