Uvolontiya wa ku Philippines ukundithera m'thumba guys

Amene mukundivutitsa ku inbox kuti aise tilumikize nafenso tibwere ku Philippines, khalani pansi kaye. Ine ndinabwera ngati volontiya, bungwe lina lachipembedzo linanditumiza kudzathandiza pulogalamu ya ana pa chilumba cha Cebu, osati mu Cebu City muja mwa ma mall ayi, kumudzi ndithu komwe umatsika basi kenako kukwera habal-habal, njinga yamoto yomwe amakupanikizani anthu atatu ndi thumba la mpunga pamwamba.

Chinayamba kundipweteka ndi chiyankhulo. Ku orientation ku Manila anatiphunzitsa Tagalog, ine kuloweza usiku wonse ngati ndikulemba mayeso, kufika kuno anthu akuyankhula Bisaya. Tagalog amamva inde koma ukayankhula amangomwetulira nkukuyankha mchizungu. Ndiye ukati ndine wa ku Malawi amadzidzimuka, Marawi? Poti kuno kuli mzinda wa Marawi ku Mindanao komwe kunali nkhondo miyezi isanu mu 2017. Pano ndimangoyenda ndi map pa foni. Ena amafunsa ngati ndine wa ku America, ngati ndimasewera basketball, ana kumandigwira tsitsi, ma selfie osatha, koma izo ndazolowera.

Chomwe chikundidya mutu ndi choti kuno munthu sakukanira pamaso. Ndinaitanitsa msonkhano wa makolo, ndinayenda khomo ndi khomo dzuwa likuswa mtengo, aliyense kuvomera, ena kungokweza nsidze mmwamba poti ndi mmene amavomerera kuno. Tsikulo ndayala mipando, ndapachika ma chart anga, 2 koloko yakwana, 3 koloko, kunabwera agogo awiri ndi galu. Kani tsiku lomwelo kunali fiesta, chikondwerero cha mudzi wonse, ku barangay (ndi mmene amatchulira mudzi kuno) yoyandikana nayo ndipo aliyense ankadziwa kuti sabwera koma palibe anafuna kundichititsa manyazi pondiuza. Manyazi ake ati oposa kukhala ndekha ndi mipando yopanda anthu??

Mayi a pa nyumba yomwe ndimakhala, ndimawaitana kuti Nanay ngati mmene aliyense amachitira, ndi amene anandikhazika pansi. Akuti mwana wanga, kapitan wa barangay unakamuona? Nanga merienda, tokhwasula-khwasula ta anthu, unakonza? Apa nde ndinaseka ndekha chifukwa kwathu sungachititse msonkhano osadzera kwa amfumu, koma a bungwe anangondipatsa ma fomu ndi ma target, nkhani ya kapitan osaitchula olo pang'ono. Ndipo mu bajeti yawo mulibe mzere wa pancit, ma noodles a kuno, ndi zakumwa. Msonkhano wachiwiri ndinagula pancit, buledi ndi ma drink, anthu kudzadza mpaka ena kuima panja. Ndalama yake ndi ya allowance yanga yomwe ija, ndikatumiza ma lisiti akuti izi si za pulogalamu.

Ndiye kuli ma birthday. Kuno mwini birthday ndi amene amagulira anthu, inu simunamve molakwika. Langa litakwana ndinadzuka ndikudikira ka mphatso, kupeza anzanga a kuntchito andizungulira akuimba, kenako akufunsa kuti tikadyera kuti. Ndinalipira ine, anthu omwe ena sindinawaonepo chibadwire. Ndipo sikuti ndi anthu oumira ayi, lawo likafika amawotcha nkhumba yonse yathunthu, lechon, nkukukokera ku tebulo, kukupakira mbale mpaka kukupatsa zina zopita nazo kunyumba. Vuto ndi loti ukadya za eni nawenso tsiku lako likubwera, ndipo poti ndine foreigner amaganiza kuti ndili ndi madola pansi pa matilesi.

Kukhala wekha nakonso ndi mlandu. Ukangotseka chitseko kuti upumeko pang'ono wina agogoda, uli bwino? Wadya? Wakwiya? Tsiku lina ndinakana kupita ku videoke, karaoke ya kuno, poti mutu unkandiwawa, ndinangonena chilungamo kuti sindikufuna, mtsikana wa ku ofesi amene anandiitana anasiya kundiyankhula, moni kumangoyankha ndi mutu. Amati tampo, munthu sakalipa, amangokhala phee kudikira kuti umunyengerere. Ndinachita kugula ice cream. Pano videoke ndimapita, ndimaimba, makina aja amandipatsa ma score ochititsa manyazi anthu nkumaombera mmanja, ndipo amaimba mpaka pakati pa usiku speaker ili full, atambala a mpikisano nawo ayamba kulira 3 koloko mmawa.

Za chakudya sindidandaula kwambiri. Mpunga mmawa, masana, madzulo unandikola, koma anthu a ku Cebu amadyanso chimanga chogaya, amachiphika ngati mpunga, nde ndinakapeza chosalalako pa msika nkutakasa nsima. Chammwamba kuno amati kamunggay, amathira mu supu pafupifupi tsiku lililonse, kholowa aliponso, nsomba zouma mbwee. Nanay analawa nsima yanga nkufunsa ngati angathireko shuga kkkk.

Visa ndi ina. Umalowa ndi masiku 30, kenako uzikawonjezera ndi ndalama, ukapitirira masiku 59 akufunanso ACR I-Card, ID ya anthu obwera, ya madola 50 kuphatikiza tina ndi tina. Bungwe likuti lipira kaye tidzakubwezera, mapepala ako enieni akukonzedwa. Mpaka lero akukonzedwabe.

Abale kumudzi nanunso, kuno tili patsogolo ndi maola 6, mukamaimba 8 koloko madzulo muli khale mwadya nsima kuno ndi 2 koloko usiku, ndipo nkhani yake ndi ya fetereza. Ndine volontiya ine, sindili pa salary.

Pano Khrisimasi inayamba kale mu September, nyimbo zake zili ponseponse, andilemba kale pa exchange gift ziwiri, Nanay akuti kuyambira pa 16 December mpaka 24 tizidzuka 4 koloko kupita ku Misa. Ndipo Loweruka likubwerali ndine ninong, kunena kuti godfather, pa ubatizo wa mwana wa oyendetsa habal-habal uja, anandipempha pamaso pa anthu nde ndikanakana bwanji, envelopu yake sindikudziwa ichokera kuti.