Chenjezo kwa inu amene mwasiya njira ya kusikelo

Ndakhala ndikudziletsa kulankhula poopa kutchedwa gogo wolongolola, koma zimene ndinaona Lachiwiri lina mu Malichi 2022 zinandichotsa manyazi. Wofuna kukwiya akwiye.

Ndinali pakhonde ndikusankha nyemba pamene anthu a katemera wa poliyo anafika m'dera lathu, mmodzi atanyamula kabokosi kozizira kaja, winayo ali ndi kaundula ndi choko. Asanafike n'komwe pa nyumba yoyandikana nafe, ndinaona mayi wa pamenepo, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza, atanyamula khanda m'manja, wina akumukoka dzanja, ulendo wa kuchipinda. Katani gwa! Panja anasiya mwana wamkulu, wa Sitandade 2, atamupangira zonena. Alendo aja ataodira, kamwanako kanayankha mwaulemu wonse kuti, "Amayi akuti kulibe." Nthawi yomweyo khanda linayamba kulira m'katimo. Anthu aja anadikira, anaodiranso, kenako anapitirira. Ndinaseka, sindikana. Koma nyemba zija sindinamalize kusankha.

Madzulo ndinapita kukamufunsa. Akuti, "Agogo, pa gulupu ya WhatsApp anena kuti ndi wa Covid yemwe uja, angosintha botolo. Ana akalandira sadzabereka." Ndinati tandionetsa kabuku ka sikelo. Kanafunidwa nyumba yonse, n'kupezeka m'jumbo pansi pa matiresi pamodzi ndi mapepala ena akalekale. Wamng'onoyo ankakwanitsa zaka ziwiri, koma cholembedwa chomaliza n'cha pamene anali ndi masabata 14. Katemera wa chikuku wa pa miyezi 9 palibe, wa pa miyezi 15 palibe, vitamini A palibe, ndipo mzere uja wosonyeza mmene mwana akulemerera unathera panjira ngati msewu wa kumunda. Mayi ake akuti anasiya kupitako kuyambira pomwe anamva kuti kuchipatala akubaya anthu mokakamiza.

Ana anga, ndimvetsereni. Katemera wa Covid sakuperekedwa kwa ana a sikelo. Amene ankayenda naye khomo ndi khomo mu Malichi 2022 ndi madontho awiri a mkamwa, omwe aja inuyo munalandira muli kumbuyo kwa amayi anu, ndipo lero ndinu amene muli ndi ana atatu, anayi. Kusaberekako kuli pati? Ankayenda chifukwa pa 17 Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wa zaka zitatu ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo. Izi zisanachitike, nthendayi inaoneka komaliza m'dziko muno mu 1992, ndipo mu Ogasiti 2020 Africa yense analengezedwa kuti wathana nayo. Akatswiri atayeza anapeza kuti kachilombo kameneka n'kofanana ndi kamene kamazungulira ku Pakistan. Taganizani, kachoka kutali konseko n'kudzapeza mwana wa kuno amene sanakwerepo ndege. Ndiye inu mukuyesa katani ya kuchipinda ingakatseke?

Inu simunaione poliyo, n'chifukwa chake mukuiseweretsa. Ife tinakula nayo. Kwathu kunali mnyamata wa msinkhu wathu amene anagona ndi kutentha thupi masiku ochepa, podzuka miyendo ili lende ngati nsalu yonyowa. Kusukulu ankabwera chokwawa, m'manja atavala tizigogo, m'maondo atamanga zidutswa za tayala, nthawi ya mvula n'kufika ali matope okhaokha. Anali wanzeru kutiposa tonse pa masamu, koma anasiya sukulu chifukwa mtsinje sankatha kuwoloka. Bungwe lija mukulidziwa kuti MAP poyamba linkatchedwa Malawi Against Polio, kenako dzina linasintha n'kukhala Malawi Against Physical Disabilities. Poliyo ilibe mankhwala. Imalowa kudzera mkamwa, kuchokera ku chimbudzi cha munthu amene ali nayo, pa madzi ndi m'manja mosasamba, ndipo ambiri amene amainyamula saoneka kudwala. Mwendo ukafa wafa, ngakhale mugulitse munda.

Ndikudziwa kuti mwatopa. Nanenso ndatopa. Pofika Malichi 2022 zaka ziwiri zinakwana chitsekereni sukulu chifukwa cha Covid pa 23 Malichi 2020, ana n'kukhala pakhomo pafupifupi theka la chaka, akudya ngati dzombe, ndalama kulibe. Januwale wa 2021 sindifuna n'komwe kumukumbukira, pamene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, bwalo la Bingu n'kusanduka chipatala, ife n'kumaika abale athu mothamanga osaona nkhope. Disembala wa 2021 Covid inabweranso, mpaka nyumba iliyonse inali ndi wokhosomola. Kutopa sindikukuletsani. Chimene chikundipweteka n'chakuti mantha anu mwawaika pamalo olakwika.

Mayi yemwe akuopa kusikelo kuti kuli Covid, Loweruka ali ku chinkhoswe, khanda kumbuyo, holo yodzaza, mazenera otseka, aliyense akulinyamula n'kumalipsompsona. Lamlungu ali mu minibasi ya anthu anayi pa mpando. Kumeneko Covid kulibe? Ili kusikelo kokha, kumene mumakhala panja pansi pa mtengo wa mango?

Abambo musaseke, ndikubwera kwa inu. Nkhani ya kusikelo mwaisandutsa ya akazi, koma ena mwa inu ndinu amene mukuletsa akazi anu kupitako chifukwa cha zimene mwamva pa bawo. Muchoka koonera mpira, m'kachipinda kothinana muja, mufika pakhomo osasamba m'manja, mwalandira kale mwana n'kumamudyetsa chiwaya ndi zala zomwezo. Ndowa ya mpopi ija munagula mu 2020, inkakhala pakhomo ndi sopo pambali, lero ili kuti? Kwina ndaona asungiramo thobwa, kwina anyikamo matewera. Chikhalirecho kolera anamveka ku Machinga mu Malichi 2022, ndipo m'chigwa cha Shire anthu anali akadali m'misasa chichokereni madzi a namondwe Ana. Ndowa imeneyo inkatiteteza ku zambiri, osati Covid yokha.

Pali china chimene chimandikhudza ine mwini, ndipo ndikudziwa kuti agogo anzanga akungochisunga mumtima. Mwana wadzuka thupi lili moto, mamina chuchuchu, inu mwamumwetsa panado, mwamuveka yunifolomu, ulendo ku sukulu ya mkaka poti fizi munalipira kale. Aphunzitsi akamubweza, mubwera naye kwa ine: "Amayi, tangomuonani lero lokha." Ine ndili ndi shuga ndi BP. Mdzukulu wanga sindingamukane, mukudziwa zimenezo, n'chifukwa chake simundifunsa n'komwe. Ana ambiri Covid imangowadutsa ngati chimfine, koma imene amandisiyira ineyo ikhoza kundigoneka pa okosijeni. Mundiuze chilungamo pachipata kuti mwanayu akudwala, ndivale masiki yanga, tikhale panja, ndimugoneke pa mphasa pakhonde m'malo momufungatira pabedi panga. Ine katemera wanga ndinabayitsa, ndipo ndikadali moyo, ndikulemba pano. Inu amene mukunditulira odwala, mwabayitsa?

Tsono za kudzichitira chipatala m'nyumba. Kufukiza kuja kwa masamba a bulugamu munthu atafunda bulangete, akuluakulu chitani ngati mwakonda, ndi thupi lanu. Koma mwana wa zaka ziwiri pafupi ndi poto wa madzi owira, mumdima wa bulangete, akulira n'kumaponya miyendo, mukuyembekeza chiyani? Ndinaona ndi maso anga mwana wa m'banja mwathu momwemu atapsa ntchafu yonse, khungu litasupuka, ndipo chifuwa chimene ankamufukizira chinatha chokha iye akadali kumangitsa mabala. Enanso mukumanga masiki pankhope ya khanda. Kamwana kotero sikavala masiki, kakhoza kubanika, ovala ndinu amene mwakazungulira. Ndiye pali LA wotsala wa mwana wina amene mukumwetsa mnzake osayezetsa magazi, ndi makapisozi ogula pagolosale omwe mumatsegula n'kusungunula pa supuni. Kutentha thupi nyengo ya mvula ino kukhoza kukhala malungo, kukhoza kukhala chibayo, ndipo ziwirizi zimapha mwana msanga kuposa Covid imene mukuiopayo.

Chibayo mungathe kuchizindikira nokha. Mwana akakhala phee, osalira, mukwezeni malaya muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu, foni yomwe mumaonera WhatsApp ija ili ndi wotchi. Khanda losakwana miyezi iwiri likamapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi iwiri mpaka chaka ka 50, wa chaka mpaka zaka zisanu ka 40, kumeneko n'kupuma mothamanga. Pansi pa nthiti pakamalowa m'kati popuma, akamakana kuyamwa, akamasanza chilichonse, akakomoka kapena kungofooka osadzuka, musadikire kuti bambo ake abwere kuntchito. Mwendo kapena mkono ukafooka mwadzidzidzi, tsiku lomwelo akaonedwe kuchipatala, musayambe mwathamangira kukatemera mphini.

Mtsikana uja ndinamuperekeza Lachitatu m'mawa. Ankaopa kuti akamukalipira chifukwa cha kabuku kopanda kanthu. Anamulankhuladi mawu awiri atatu, iye n'kuwerama, kenako ana onse awiri analandira madontho, wamng'onoyo anabayidwa wa chikuku, anamupachika pa sikelo n'kupezeka kuti watsika pang'ono, anapatsidwa tsiku lobweranso. Pofika 10 koloko tinali titabwerera, ana akudya mandasi.

Anthu a poliyo aja adzabweranso, chifukwa madonthowa sapereka kamodzi kokha, ndipo ngakhale mwana amene analandira kale kusikelo ayenera kulandiranso. Mwana akalandira amamupaka inki pa chala chaching'ono. Ana a mzere wathu uno onse amadutsa pakhonde panga popita kukatunga madzi ndi amayi awo, ndipo ndidzakhala ndikuwaitana mmodzimmodzi kuti andionetse zala. Amene chala chake ndidzachipeze choyera, mayi ndi bambo ake andiyembekezere madzulo.