Zaka chikwi za pa Chivumbulutso 20 tili m'kati mwake kale

Sabata yatha msuweni wanga ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp cha m'ma 11 koloko usiku, mawu akunjenjemera. Akuti wamva mlaliki wina akunena kuti nkhondo zomwe zikuchitika ku Middle East ndi belu lomaliza, mkwatulo, kutengedwa kwa okhulupirira kukakumana ndi Yesu, wafika pakhomo. Ndiye iye akuganiza zoti ndalama za malata, zomwe wasunga zaka ziwiri kuchokera mu geni yake ya tomato, akapereke kwa mlalikiyo ngati mbewu. Nyumba yangotsala kufolera, ana atatu akugona m'nyumba ya lendi yodontha. "Achimwene, ndifolereranji nyumba yoti ndiisiya mawa?"

Usiku umenewo tulo sitinabwere. N'chifukwa chake ndikulemba izi, ngakhale ndikudziwa kuti ena mwa inu simugwirizana nane.

Ine si m'busa. Ndine Mkhristu wamba amene anakulira m'kalasi ya katekisimu, ndipo pa nkhani ya zaka chikwi ndimaima ndi chiphunzitso chimene anthu a sukulu za ubusa amachitcha amillennialism. Dzinalo limasokoneza, chifukwa limamveka ngati tikukana kuti zaka chikwizo ziliko. Ife tikuti zilipo, zinayamba pamene Yesu anauka kwa akufa nakhala pa dzanja lamanja la Atate, ndipo zidzatha tsiku limene adzabwerenso. Adzabwera kamodzi, akufa onse adzauka, chiweruzo chidzachitika, kenako kumwamba kwatsopano ndi dziko latsopano. Abale ena amati Yesu adzayamba wabwera ndipo adzalamulira pansi pano zaka 1,000 zowerengeka pa kalendala. Enanso amati uthenga udzagonjetsa dziko mpaka kudzakhala nyengo yaitali ya mtendere, Yesu n'kubwera pambuyo pake.

Tsegulani Baibulo lanu. Ufumu wa zaka chikwi umatchulidwa malo amodzi okha, Chivumbulutso 20:2-7, ka 6 m'mavesi ochepawo. Ndipo buku lake ndi lomwe lija muli Mwanawankhosa wa nyanga 7 ndi maso 7, chinjoka cha mitu 7, mkazi wovala dzuwa. Palibe wa ife amene amayembekeza kukaona Yesu ali ndi ubweya ndi nyanga. Pa mutu 20 pomwepo mngelo akutsika ndi kiyi ndi unyolo kudzamanga Satana, amene ndi mzimu. Unyolowo timavomereza tonse kuti ndi chithunzi. Nanga bwanji pa nambala yokha tikufuna kutenga kalendala? Salimo 50 likamati ng'ombe za pa mapiri chikwi ndi za Mulungu, sitinena kuti za pa phiri la nambala 1,001 ndi za wina. Chikwi ndi mawu a uchuluko, nthawi yaitali yokwanira imene mwini wake ndiye akuidziwa.

Funso limene ndimafunsidwa kwambiri ndi ili, ndipo ndi funso loona: ngati Satana ndi womangidwa, nanga namondwe Freddy uja wa mu Malichi 2023, amene anakwirira mabanja athunthu ku Chilobwe ndi ku Phalombe? Nanga katangale, nanga kuphana? Werenganinso vesi 3. Akuti anamangidwa kuti asanyengenso mitundu ya anthu. Ntchito imene waletsedwa yatchulidwa. Amene munaweta mbuzi mukudziwa kuti nthawi ya dzinja timaimangirira pa chikhomo. Mbuzi yomangidwa siifa, siileka kudya. Pomwe chingwe chikufika imadya mpaka pansi kuyera, ndipo mukaimangirira pafupi ndi munda mizere iwiri ya chimanga ipita. Koma munda wonse singauthe. Petro anachenjeza kuti mdierekezi akuyendayenda ngati mkango wobuma, ndipo ine sindikutsutsa. Koma Yesu mwini, pa Mateyu 12:29, ananena kuti sungalande katundu m'nyumba ya munthu wamphamvu usanayambe wamumanga, ndipo ankanena za ntchito imene iye anali akuchita kale masiku amenewo.

Umboni wa chingwecho ndife. Uthenga umene unayamba ndi kagulu ka anthu pafupifupi 120 m'chipinda ku Yerusalemu unafika ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876, ku Mvera mu 1889, ku Mua mu 1902, ndipo lero agogo a kumudzi kwathu amaimba za Yesu m'chinenero chawo. Satana akanakhala ndi mphamvu yotsekera mitundu mumdima monga kale, bwenzi ife tisakukangana za Chivumbulutso pa Facebook m'Chichewa.

Chiphunzitsochi sichinayambe dzulo, ndipo amene anachiyala bwino ndi munthu wa mu Africa muno. Augustine, bishopu wa ku Hippo, komwe lero ndi ku Algeria, poyamba ankakhulupirira za ufumu wa zaka chikwi pansi pano, kenako anasintha. Mu 410 mzinda wa Roma unalowedwa ndi kufunkhidwa ndi ankhondo a Alaric, ndipo Akhristu ambiri anaona ngati dziko latha. Augustine anawaphunzitsa kuti ufumu wa Khristu sunamangidwe pa mzinda uliwonse wa pansi pano. Iye anamwalira mu 430 adani atazinga mzinda wake womwe, ndipo mpingo ulipobe. Akatolika, Alutere ndi mipingo yambiri ya chikonzedwe anayenda m'njira imeneyi kwa zaka mazana. Koma chiphunzitso chakuti Yesu adzabwera mwakachetechete kudzakwatula mpingo, zaka 7 za chisautso n'kutsatira, kenako n'kubweranso, chinafalitsidwa ndi John Nelson Darby m'zaka za m'ma 1830, ndipo chinalowa m'nyumba zambiri kudzera mu Baibulo la ndemanga la Scofield la mu 1909.

Apa ndisaname. Okhulupirira ufumu weniweni wa zaka 1,000 pansi pano analipo kuyambira kale, monga Justin Martyr ndi Irenaeus, ndipo anali Akhristu olimba kuposa ine. Ndili ndi anzanga a Pentekoste ndi a Adventist amene amawerenga mutu 20 mosiyana nane, timapemphera limodzi, timalirana maliro. Sindilimbana nawo. Amene ndikulimbana naye ndi munthu woika tsiku la chimaliziro, ndi munthu wogulitsa mantha.

Zoika tsiku tinazionapo kuno kwathu. Mu 1908 ndi 1909 Elliot Kamwana analalikira ku Nkhata Bay kuti mu 1914 ufumu udzafika, msonkho udzatha, ulamuliro wa atsamunda udzagwa, ndipo anthu masauzande anabatizidwa m'miyezi yochepa. Kulira kwake pa nkhanza za msonkho kunali koona, ndipo atsamunda anamuchotsa m'dziko, n'kudzamulola kubwerera kwawo mu 1937. Koma 1914 inabweretsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndi mtengatenga, ntchito yokakamizidwa yonyamula katundu wa asilikali. Harold Camping wa ku America anaika 21 Meyi 2011, anthu ena anasiya ntchito n'kutaya chuma chawo pa zikwangwani zolengeza tsikulo, tsiku linadutsa, iye n'kulisunthira ku Okutobala. Ku Kanungu, ku Uganda, mu Malichi 2000, anthu oposa 700 a gulu lina loyembekeza chimaliziro anafa, ambiri atawotchedwa m'tchalitchi. Yesu ananena poyera pa Mateyu 24:36 kuti za tsiku ndi ola palibe adziwa, ngakhale angelo. Ine mtima umandiwawa kuti vesi losavuta chonchi timalidumpha, n'kuthamangira kuwerengetsa nyanga za chilombo ndi kufunafuna 666 mu katemera ndi mu ziphaso.

Nanga kukwatulidwa kwa pa 1 Atesalonika 4:17? Ndimakhulupirira. Koma taganizani zomwe timachita kumudzi mlendo wolemekezeka akamabwera. Amayi amamanga zitenje, achinyamata amatenga ng'oma, tonse timapita kumsewu kukamuchingamira. Tikakumana naye timabwerera naye kumudzi tikuimba, sititembenuka kupita naye kwawo. Mawu a Chigiriki amene Paulo anagwiritsa ntchito pa vesili akupezekanso pa Machitidwe 28:15, pamene abale a ku Roma anatuluka kukakumana ndi Paulo panjira n'kulowa naye mumzinda. Ndipo vesi 16 ikunena za mfuu, mawu a mngelo wamkulu ndi lipenga. Chinthu cha phokoso chotero sichingachitike mwachinsinsi.

Chimene chinandikhazika pa chikhulupiriro chimenechi si mabuku, ndi maliro a amayi anga. Titabwera kumanda, anthu atabalalika, ndinakhala pakhonde ndi mng'ono wanga. Nsapato za amayi zinali pomwe anazisiya, pafupi ndi mtondo, ndipo palibe amene analimba mtima kuzichotsa. Mng'ono wanga anandifunsa kuti, "Ndiye panopa ali kuti?" Ndinatsegula Chivumbulutso 20:4, pamene Yohane akuona mipando yachifumu ndi mizimu ya amene anafa ali okhulupirika, ali moyo, akulamulira pamodzi ndi Khristu. Yohane analembera anthu ozunzidwa, amene anzawo ena, monga Antipa wa ku Pergamo, anali ataphedwa kale. Ankafuna adziwe kuti amene dziko linawayesa ogonja ali pa mpando. Amayi sanadulidwe mutu ngati ofera aja, koma vesilo likuphatikizanso amene sanagwadire chilombo, ndipo mayi amene analera ana 6 ndi khasu osasiya pemphero ine ndimamuwerengera pomwepo. Tinawerenga vesilo kawiri, mng'ono wanga n'kudzuka kukatenga nsapato zija kuzilowetsa m'nyumba.

Msuweni wanga ndinamuimbira m'mawa mwake. Ndinamuwerengera 2 Atesalonika 3, pamene Paulo akudzudzula anthu osiya ntchito n'kumangoyendayenda, mumpingo womwewo umene ena anausokoneza kuti tsiku la Ambuye lafika kale. Ndinamuuza kuti Yesu akhoza kubwera usiku uno, ndipo akabwera akamupeze akufolera nyumba ya ana ake, palibe tchimo pamenepo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati ndikudziwa kalipentala wosadula. Malata 32 afika dzulo pa ngolo, ndipo Loweruka ndikupita kukathandiza kukweza mitengo ya denga.